Nantchengwa ndi Nkhokwe ya Misinkhu Iwiri

Padangokhala, ndipo amene muli nane muvomere msanga kuti tili tonse, chifukwa ine sindibwereza. Tsiku limene nkhaniyi inayamba kunali bwalo kwa mfumu Ntchefu. Analipo mfumuwo, amene ankaweruza milandu akubzikula ndipo sankakonda nkhani zazitali. Inalipo nduna yawo, a Njati, pamodzi ndi akazi awo. Analipo a Nguluwe, a Gwape, mai Nkhanga amene ankasunga mbewu za mudzi, ndi a Nantchengwa, mbalame ya mutu wautali ija, amene anali mmisiri. Gologolo analipo, pakuti pokamba za chakudya Gologolo sasowa. Panalibe a Fisi, amene anabwereka chikopa chogonera pamaliro ena ndipo kuyambira pamenepo ankadwala tsiku lililonse la bwalo. Panalibenso mai Nungu. Iwowa analeka kubwera kubwalo chaka chimene akazi a Njati anabwereka lichero lawo n'kulibweza lobooka, kenako n'kumauza anthu kuti analitenga lili lobooka kale. Dzina la mai Nungu mulisunge, tidzalifuna kutsogoloku.

Nkhani ya tsikulo inali mtedza. Chaka ndi chaka mudziwo unkakolola mtedza wambiri n'kuuthira m'nkhokwe ya onse, koma pofika nthawi yodzala m'nkhokwemo munkapezeka makoko okhaokha. Wakuba sankadziwika. Amene ankadandaula kwambiri kuposa onse anali Gologolo, ndipo ankadandaula ali wonenepa.

A Nantchengwa anaimirira n'kunena kuti akuganizira nkhokwe imene wakuba sangakweremo, koma ntchitoyo ifuna nthawi chifukwa iwo amayamba ayesa chinthu asanachipereke kwa anthu. Zimenezo zinali zoona. Tiwapatse zawo a Nantchengwa, anali mmisiri weniweni. Chimene amanga chinkaima, chimene amata chinkagwira. Gologolo ankadziwa zimenezi kuposa wina aliyense. Anaona kuti nkhokweyo ikadzaima, iye adzayamba kudya zolima yekha, pamene chibadwire sanagwirepo khasu. Kulanda nzeru m'mutu mwa mmisiri sakanatha. Kugwetsa nkhokwe imene sinamangidwe sakanathanso. Koma anali ataona kanthu kamodzi pa a Nantchengwa. Ukawatamanda, nthenga za kunkhongo kwawo zinkaima, pakamwa n'kuyamba kuthamanga kuisiya ntchito m'mbuyo.

Awiriwa ankatchulana alamu. Ulamuwo palibe anaufotokoza bwino kuti unadzera mwa yani, koma Gologolo ankaugwiritsa ntchito.

Nkhokwe ija ikadali m'mutu, a Nantchengwa anatulukira kanthu kena. Anapeza kuti ukasakaniza khobwe ndi phulusa losefa bwino n'kutsekera mumtsuko, anankafumbwe samugwira mpaka mvula itagwa. Anayesa kunyumba kwawo, zinatheka. Popita kukanena kubwalo anakumana ndi Gologolo panjira.

"Alamu, mukanena kuti chiyani kumeneko?"

"Ndikanena kuti khobwe azifika dzinja osafumbwa."

"Dzinja lokhali? Zimenezo akadanena a Nguluwe tikadawomba m'manja, chifukwa a Nguluwe sadziwa kanthu. Koma inu, alamu?"

Kubwaloko a Nantchengwa anayamba ndi zoona, onse n'kumagwedeza mitu. Apo Gologolo anayambitsa kanyimbo. Kanali kotamanda. Kankatchula mlomo wa a Nantchengwa, mutu wawo ndi makolo awo, kenako kankafunsa ngati mmisiri wotere angalekere pomwepo. Azimayi, amene sakana nyimbo ya m'manja, ankavomera kuti ayi, awonjezere. Nyimboyo itazungulira, nthenga za kunkhongo zinaima, khobwe uja n'kufika madzinja awiri. Itazunguliranso, a Nantchengwa analengeza kuti khobwe wothira phulusa lawo adzadya zidzukulu.

A Nguluwe anakhulupirira. Anathira dengu lathunthu la khobwe mumtsuko, n'kumata pakamwa pake, n'kuuza ana kuti asakhudze, ndi wa zidzukulu. Dzinja linafika khobweyo ali bwinobwino, koma palibe anatsegula kuti aone. Anadzatsegula mochedwa, njala itawapana, n'kupeza ufa. Zidzukulu zinadyadi khobweyo, koma zinali za anankafumbwe. Mfumu inagamula kuti a Nantchengwa abweze dengu la khobwe. Dengu limenelo mulisunge m'mutu.

Mtsuko wa a Nguluwe usanatsegulidwe n'komwe, mmisiri anali atayamba kale china. Analuka ulalo wa timitengo ndi luzi, monga alukira chisa chawo, kuti opita kumunda asamanyowe powoloka mtsinje. A Gwape anawolokapo. A Nguluwe anawolokapo atasenza katundu. Ulalowo sunalire n'komwe. Nkhani ya khobwe itaphulika, Gologolo anapita kukawapepesa alamu ake, n'kuwauza kuti anthu ayamba kuwaderera, ndipo ulalowu ndiwo pokwerera pawo, asauchepetse ndi pakamwa pawo pomwe.

Tsiku loonetsa ulalo a Nantchengwa ananena kuti umanyamula a Nguluwe ndi katundu wawo. Gologolo anayambitsa kanyimbo kaja, kofunsa ngati mmisiri wotere angalekere pomwepo, azimayi n'kuvomera kuti awonjezere. M'kamwa mwa a Nantchengwa ulalo unanyamula Mbidzi. Nyimbo inazungulira, ulalo unanyamula Njovu. Itazunguliranso, Njovuyo inali ndi pakati.

Njovu sinali ya mudzi umenewo, choncho mfumu inati nduna iyesere m'malo mwake. A Njati anati iwo sakuonapo chifukwa, koma akazi awo anawanong'oneza kuti akakana anthu aziti nduna ndi yamantha. A Njati anakwerapo atagwira ndodo yawo ya unduna. Ulalowo unapirira mpaka pakati, zimene kwa ulalo wa timitengo si zochepa, koma tsiku limenelo palibe anaziona choncho. A Njati anavuuka ali matope okhaokha, akutsimphina, ndodo itapita ndi madzi. Mfumu inagamula kuti a Nantchengwa aseme ndodo ina. Ulalo anaulukanso mwakachetechete, a Gwape n'kumawolokapo monga kale.

Akazi a Nantchengwa anali munthu wosachulutsa mawu. Anawauza amuna awo kuti Gologolo akayamba kuimba, iwo aziyang'ana pansi. A Nantchengwa analonjeza.

Chachitatu chinali utomoni. Anasakaniza utomoni wa mkuyu ndi phula la njuchi n'kupeza kuti umamata mtsuko wong'aluka, madzi osadonthanso. Azimayi anakondwera, pakuti panalibe nyumba yopanda mtsuko wong'aluka. A Nantchengwa ananena kubwalo kuti ndi wa mitsuko ya madzi ozizira, n'kuyang'ana pansi monga anawauzira akazi awo. Koma kuyang'ana pansi sikutseka makutu. Kanyimbo katayamba, nthenga zinaima zokha, utomoni n'kuyamba kupirira madzi otentha, kenako moto, kenako a Nantchengwa ananena kuti mbiya yomata ndi utomoni wawo imalimba kuposa yatsopano.

Mai Nkhanga anali ndi mbiya yaikulu imene anasiyiridwa ndi mai awo, yong'aluka cham'munsi, ndipo ndi iwo amene anapatsidwa ntchito yofulula mowa wa m'meto wa maliro a apongozi a mfumu. Anaimata mbiyayo n'kuitereka pamafuwa. Moto utagwira, utomoni unasungunuka, mbiya inakanika kulemera n'kugawikana, phala lonse la mowa n'kuzimitsa moto. Alendo ochokera kutali anamwa madzi. Tsiku limenelo mfumu Ntchefu inaleka kubzikula, chinthu chimene akuluakulu anati sanachionepo.

Pabwalo lotsatira ambiri anati a Nantchengwa achoke m'mudzi. A Njati anati iwo awaperekeza okha. Amene anaimirira kuwateteza anali Gologolo.

"Zikomo mfumu. Alamu angawa sanama ayi. Amangodzaza muyeso mpaka kusefukira. Khobwe anasungikadi, ulalo unanyamuladi, utomoni unagwiradi. Ine ndikuti tisataye mmisiri. Mawu awo tiziwadula pakati ngati dzungu, theka tidye, theka titaye. Akati ziwiri, ife tizimva chimodzi."

Mfumu inakonda chigamulo chimenechi chifukwa chinali chachifupi. Linakhala lamulo. A Nantchengwa anagwetsa misozi yothokoza, ndipo madzulo ake anatumiza kwa Gologolo kambale ka mtedza. Kameneko sikali pa ngongole, anapereka okha.

Lamulolo mudzi unalizolowera msanga. A Nantchengwa akati ali ndi njala kwambiri, ankawapakulira theka la mbale. Akati mwana wawo wadwala kwambiri, anthu ankati ndi chimfine. Akati mvula ibwera yamphamvu, azimayi ankaanula zovala za mbali imodzi.

Kenako nkhokwe ija inatha m'mutu mwa mmisiri, kunangotsala kuimanga. Inali ya miyendo inayi yaitali, mwendo uliwonse utapyoza chipanda chozondotsa, choterera, kuti wokwera akafika pachipandapo azigunda mutu n'kubwerera pansi. Eni ake ankakwera ndi makwerero, akatsika n'kuwachotsa. Poopsa panali pamodzi. Wodziwa kulumpha akanatha kuchoka pansi, kudumpha chipanda, n'kugwira thandala la nkhokwe. Choncho a Nantchengwa anafuna kudziwa kuti wolumpha kwambiri m'mudzimo amafika pati. Anamangirira masuku ku luzi n'kuitana alamu awo kuti adzadye, uku akukweza luzilo pang'onopang'ono. Dyera linamuiwalitsa Gologolo nzeru. Analumpha ndi mphamvu zake zonse, ndipo anazindikira chimene chikuchitika atayesedwa kale. Muyeso unapezeka. Msinkhu umodzi wa a Gwape ankaudumpha mosavuta, ndipo umodzi ndi theka ankaufika. Misinkhu iwiri sankaifika.

Akazi a Nantchengwa anawakhazika pansi amuna awo.

"Abambo, pano ndi pakwathu, inu munangobwera. Ulendo uno mukakawonjezera ngakhale chala chimodzi, mudzapeza mkeka wanu panja."

A Nantchengwa analumbira, ndipo analumbira ndi mtima wonse. Gologolo anamva za lumbirolo n'kuona kuti nyimbo ya pabwalo siigwiranso ntchito. Ndiye m'mawa wa tsiku la bwalo anakakhala kuseri kwa nyumba ya a Nantchengwa, pamene azimayi ankadutsa popita kukatunga madzi, n'kuyamba kanyimbo kaja mokweza. Azimayi anavomera mwachizolowezi kuti awonjezere, mitsuko ili pamutu. Anaizunguliza nyimboyo mpaka womaliza atadutsa. A Nantchengwa kunalibe n'komwe, anali atalawirira kukasenda luzi.

Kubwalo a Nantchengwa anafotokoza za zipanda ndi makwerero, kenako anati, "Thandala likhale pa misinkhu iwiri ya a Gwape. Iwiri, osapungula."

Atatero anayang'ana pansi n'kumadikira nyimbo, atakonzeka kulimbana nayo. Nyimbo sinabwere. Mfumu inadabwa n'kufunsa Gologolo ngati lero wadwala pakhosi.

"Ayi mfumu, ndaimba kale m'mawa, kwawo konko. Afunseni amayiwa."

Azimayi anavomereza kuti anaimbadi, ndipo inazungulira kwambiri. Mfumu inati ndiye kuti misinkhu iwiriyi yabwera itafufuma kale, aidule pakati, utsale umodzi. A Njati anakondwera, pakuti mitengo yaitali akanasenza ndi iwo.

A Nantchengwa anati ulendo uno akunena zoona zenizeni. A Njati anayankha kuti paulalo paja ananenanso chimodzimodzi, ndipo ndodo sanailandirebe. A Nantchengwa anati panyumba panalibe iwo pamene nyimbo inkaimbidwa. Mai Nkhanga anati mawu amenewonso awadule pakati, ndiye kuti anali pakhomo. Mmisiri anawerengera mumtima. Anaona kuti ngati anthuwa adula pakati, iye anene inayi kuti itsale iwiri, mtedza upulumuke. Anaimiriranso n'kunena kuti analakwitsa, ndi misinkhu inayi.

Akazi a Njati anaseka. "Mwaona? Tisanadzuke n'komwe yakwana kale inayi."

Gologolo anafotokoza modekha, ngati wochitira chifundo, kuti alamu ake akawonjezera kawiri, podula amadulanso kawiri. Anadula, unatsala umodzi. Ananena iwiri, unatsala umodzi. Ananena inayi, unatsala umodzi. Akadanena khumi bwenzi utatsalabe umodzi. Panalibenso muyeso umene ukanatuluka m'kamwa mwa a Nantchengwa n'kukafika wathunthu m'khutu la munthu.

Pofika kunyumba anapeza mkeka uli panja. Mbiri inali itawatsogolera kuti anena inayi. Anayesa kufotokoza kuti anatero pofuna kupulumutsa mbewu, akazi awo n'kuti mawu amenewo amva theka.

Ananyamula mkekawo n'kumayenda, ndipo nyumba yokha imene sinawatsekere chitseko inali ya mai Nungu, kumapeto kwa mudzi. Kumeneko sikunkapita munthu, chifukwa aliyense wofikako ankafunsidwa za lichero. Choncho mai Nungu sanamvepo za lamulo lodula mawu pakati. A Nantchengwa anapempha pakhonde pogona, n'kunena kuti alipira powamangira nkhokwe. Mai Nungu anafunsa kuti italika bwanji.

"Misinkhu iwiri ya a Gwape."

"Iwiri?"

"Iwiri, mai."

"Ndiye kadulenitu mitengo, mukudikira chiyani?"

Mudzi nawo unamanga nkhokwe yake yaikulu pa msinkhu umodzi. Zipanda anaika zonse zinayi, zokongola, ndipo amene anathandiza kuzinyamula ndi kuzipukuta anali Gologolo. Anathiramo mtedza wonse, wodya ndi wa mbewu, n'kuchotsa makwerero monga anauzidwira.

Mvula itayandikira, mai Nkhanga anaimika makwerero n'kukwera kuti agawe mbewu. Anapisa m'kati n'kutulutsa makoko. Anapisanso, makoko. Gologolo analira kuposa onse, ndipo polira masaya ankagwedezeka.

Anawaitanitsa a Nantchengwa kubwalo kuti ayankhe mlandu wa nkhokwe yabodza. Iwo sanatsutse kanthu. Anangopempha kuti bwalo lisamukire kwa mai Nungu. Onse ananyamuka, akazi a Njati akuyenda pambuyo penipeni. Anapeza mai Nungu atakhala pansi pa nkhokwe yawo yaitali, akusenda mtedza. Mai Nkhanga anakwera, n'kutsika, n'kunena kuti ndi yodzaza mpaka pakamwa. Pansi pa nkhokweyo dothi linali lopondekapondeka ndi timapazi, ndipo chipanda chimodzi chinali ndi mikwingwirima ya zikhadabo.

Mfumu inati, poti wolumpha kwambiri m'mudzimo ndi Gologolo, ayesere kuti onse aone ngati nkhokweyi ndi yosafikika. Gologolo anati akadakonda kutero, koma masiku ano nyamakazi yamugwira m'chiuno. Mai Nungu, osaleka kusenda, anati nyamakazi imeneyo iyenera kuti inayamba nthawi imene kuseri kwa nkhokwe yawo kunkagwa chinthu n'kumabuula. Pamenepo panali poyambira mlandu wabwino, koma ukanatalika, ndipo mfumu inkadana ndi milandu yaitali. Inangotembenukira kwa mmisiri.

"A Nantchengwa, ndiye mukuti muno simulowa kanthu?"

Gologolo anayamba kung'ung'udza kanyimbo kaja cham'mphuno, pang'onopang'ono, ngati munthu amene akungokumbukira. Azimayi ena manja anayamba kuwayabwa. Akazi a Nantchengwa anali ataima kumbuyo, akuyang'ana nkhongo ya amuna awo. Nthenga zinayamba kuima, zinafika pakati, n'kugonanso.

"Wokwera salowa, mfumu. Wolumpha salowa. Koma mbalame ingalowe mukapanda kufolera bwino, ndipo miyendoyi muziiyang'ana chifukwa cha chiswe. Ikakalamba idzafuna kusintha. Ndathera pomwepo."

Mfumu inabzikula kanthawi n'kunena kuti lero a Nantchengwa alankhula bwino, koma lamulo ndi lamulo, kulichotsa kufuna bwalo lina. A Njati anawerengera pomwepo kuti mmisiri watchula awiri osalowa, wokwera ndi wolumpha, ndiye podula pakati mmodzi amalowa. Anthu anasokonezeka, osadziwa kuti amange kapena ayi. Amene anawamasula anali mai Nkhanga. Anati za a Nantchengwa zisiyeni, iwo aona ndi maso nkhokwe ya mai Nungu, ndipo mai Nungu sanawonjezerepo mawu chibadwire. Anafunsa mai Nungu kuti nkhokwe yawo ndi yaitali bwanji, mai Nungu anati misinkhu iwiri, ndipo onse anamva iwiri.

Chaka chimenecho mudzi wonse unamanga nkhokwe zazitali, ndipo mpaka lero amazitcha nkhokwe za mai Nungu. Alendo akafunsa kuti nzeru yotere inachokera kwa yani, amawalozera kumapeto kwa mudzi. A Nantchengwa akanena kuti ndi iwo anaitulukira, alendo amauzidwa kuti adule pakati, ndiye kuti anathandiza kudula mitengo. Mkeka wawo unalowanso m'nyumba, koma umakhala pafupi ndi chitseko. Kubwalo salankhulanso zambiri. Kuwonjezera kwawo konse anakusamutsira ku chisa, n'chifukwa chake mukachiona mungati mumagona banja la Njovu, pamene muli timazira towerengeka.

Nthano yafika pothera, koma zotsala sizinathe, ndipo ndi izi. A Nantchengwa sanabwezebe dengu la khobwe kwa a Nguluwe. Ndodo ya unduna anasema, a Njati n'kuikana kuti yakale inali yaitali, ndiye imeneyo ikadali pamenepo. Mbiya ya mai Nkhanga sinalowedwe m'malo, ndipo mowa wa apongozi a mfumu sunafululidwenso. Mbewu ya chaka chimenecho mudzi unabwereka kwa mai Nungu, ena anabweza, a Nguluwe anabweza yosakaniza ndi makoko. Lichero akazi a Njati analonjeza kuti abweretsa akakolola, ndipo akolola kangapo. Chikopa chikadali kwa a Fisi. Mtedza wa zaka zonse zija uli pa Gologolo, koma mboni palibe. Ndipo m'mudzimo khobwe amathira phulusa, kumunda amawolokera paulalo woluka, mitsuko ya madzi amamata ndi utomoni, mtedza amadzala wa m'nkhokwe zazitali, koma palibe anapitapo kwa a Nantchengwa kukanena zikomo. Gologolo akuti iye zimenezo sizimukhudza, anaimba kale.